Womenya Mpira M'chifunga

Tcherani khutu, abale ndi alongo, ndipo musunge zimene ndikuuzeni, pakuti ife amene tinaziona tatsala ochepa ndipo posachedwa tigona. Sindiwonjezera kanthu, sindichotsa kanthu. Zinachitika kwathu kuno, kumpoto kwa Skotilandi, m'tauni yathu ya asodzi, Loweruka lina la mwezi wa Juni, chaka chimene tinafolera denga la tchalitchi.

A Lachlan Reay, bambo a Kirsty, anali mkulu wa mpingo, mmisiri wa mabwato wopuma pa ntchito. Ankakhala ndi akazi awo, mayi Ishbel, m'kanyumba ka miyala kumtunda kwa doko. M'nyumba momwemo munkakhalanso a Magnus Cormack, achimwene awo a mayi Ishbel, msodzi wakale amene nzeru zinali zitayamba kuwathawa chifukwa cha ukalamba.

Kwa zaka makumi atatu alamu awiriwa ankasewera gofu wa mpira umodzi, monga amasewerera akuluakulu kwathu kuno. Anthu awiri, mpira umodzi, kumenya molandizana. Wina akamenya, mnzake amakamenya pomwe wagwerapo, kaya ndi pabwino, kaya ndi paminga. Palibe womenya kawiri motsatizana. Bowo loyamba ankayamba ndi a Lachlan, lachiwiri a Magnus, lachitatu a Lachlan, chomwecho mpaka kumapeto.

Koma zaka ziwiri m'mbuyomo, pa tsiku lolimbirana chikho, a Magnus anamenya mpira wa eni ake. Kenaka anaima pakati pa bwalo, nayamba kufunsa anthu kuti kodi iwo akusewera ndi yani. Ena anaseka. Manyazi anawagwira a Lachlan, ndipo ananena pagulu kuti, "Ine sindidzaseweranso nanu." Ndipo popeza anali munthu wosabweza mawu ake, anawasunga mawuwo monga ngati anali abwino.

Madzulo a Lowerukalo anadya nsomba zokazinga ndi mbatatesi, namwa tiyi. Dzuwa linali likadali pamwamba, monga limachitira mu Juni. A Lachlan anathira tiyi wotsala m'fulasiki, nanyamula chikwama cha ndodo za gofu. Anafuna kuzungulira bwalo kamodzi Sabata lisanalowe, pakuti tsiku la Ambuye bwalo limapuma, ndipo unyolo wa pachipata ankamanga ndi iwo omwe.

A Magnus anadzuka pampando, nayamba kufufuza chipewa chawo.

"Tikupita, alamu?"

"Lero ayi, alamu. Kunja kuli mphepo."

"Mphepo ili kuti? Taonani utsi wa pa nyumba iyo, ukukwera chilili. Nenani zoona, mukuopa kuti anthu aona kamenyedwe kanu kaja ka ngati mukuwaza nkhuni."

Mayi Ishbel anawatsatira amuna awo mpaka pakhomo, nalankhula motsitsa mawu.

"Bambo a Kirsty, atengeni lero lokha. Azingoyenda pambali panu. Akulemetsani chiyani?"

"Mayi, ndinanena kale."

"Munanena, inde. Mulungu anamva, ine ndinamva, mbalame za kunyanja nazo zinamva. Ndiye mwapindula chiyani?"

A Lachlan anatuluka. Atafika pa mphambano anacheuka. Pawindo panali nkhope ya a Magnus, chipewa chili kale kumutu.

Mabowo asanu ndi limodzi anasewera okha. Bwalo lathu limapita motsata gombe mabowo asanu ndi anayi, kenaka limabwerera. Kumanzere kuli zitunda za mchenga ndi nyanja, kumanja kuli mpanda wa miyala ndi msewu. Madzulo amenewo panalibe munthu wina, koma akalulu a m'mauna ndi fungo la zitsamba zaminga za maluwa achikasu. Mpira wawo unali ndi kadontho ka penti yabuluu ya pa mabwato, ndipo unkapita bwino. Koma mtima sunakondwere. Akamenya, ankaima kaye pang'ono, monga munthu wodikira kuti wina anene kanthu.

Pa bowo lachisanu ndi chiwiri anamenya bwino ndithu. Anauona mpira ukugwa pakati, pafupi ndi kamwala koyera. Pamene ankabweza ndodo m'chikwama, anaona kunyanja. Chifunga chinali kubwera, chotuwa, chaphee, chitaima ngati khoma.

Nthawi yomweyo galimoto ya buledi inaima kuseri kwa mpanda, niliza hutala. Anali Dougal, wogulitsa buledi m'tauni mwathu.

"Akulu a mpingo! Siyani kukumba mbatatesi kumeneko! Alamu anu asowa!"

"Asowa bwanji?"

"Amayi anatuluka kukaanula zovala, pobwera anapeza chitseko chosatseka. Nsapato zawo zili pakhomo, atuluka ndi masilipasi. Papita ola lathunthu ndi kupitirira. Tonse tikuthamangira kudoko. Si paja dzana anali kumeneko, kufunsa bwato lawo lija anagulitsa kalekale? Lumphani mpanda, madala, tipite!"

"Mawondo anga ndi mpanda umenewo sizigwirizana. Pita iwe. Ine nditole mpira, ndidzere kugombe, ndiziyang'ana m'mphepete mwa madzi."

"Fulumirani. Ndi chifunga ichi, munthu wovala kajuzi kokha sangafike m'mawa."

Galimoto inapita. Mawu a Dougal anatsala. A Lachlan anamanga mabwato moyo wawo wonse, ndipo ankadziwa zimene kuzizira kwa chifunga cha kunyanja kumachita ndi nkhalamba. Ananyamula chikwama, nalunjika pa kamwala koyera kaja.

Asanafike, chifunga chinawakuta. Nyanja inasowa. Mpanda unasowa. Kunatsala udzu wonyowa wa pamapazi awo basi.

Pamenepo anamva, kutsogolo kwawo.

Kha!

Anaima chilili. Munthu amene wasewera zaka zambiri sasokoneza phokoso limenelo ndi lina. Inali ndodo yachitsulo, yomenya mpira pakati penipeni. Anamva mpira ukuuluka motsika, nugwa patali, di, di, di, nukunkhulira.

"Ndani uyo?"

Zii.

Anafika pa kamwala. Mpira panalibe. Panali chibuma cha udzu chimene ndodo imazula, chitabwezeredwa pamalo pake, chitapondedwa mwaulemu. Anapitirira, akuwerenga mapazi, mpaka anafika pa kapinga wosalala wozungulira bowo. Mbendera ya pa bowolo inatulukira m'chifunga. Pafupi nayo, mtunda wa ndodo imodzi, panali mpira. Anawerama. Kadontho kabuluu.

Mtima unawadumpha ndi chimwemwe. Kumenya motsika chotero, mpira n'kumakwawa pansi pa mphepo, kunali kamenyedwe ka a Magnus.

"Alamu! A Magnus! Ndine Lachlan! Imani pomwepo!"

Palibe anayankha. Anakwera chitunda chimodzi, natsika, nakwera china, akufuula mpaka mawu anasasa. Anagwa kawiri. Minga zinawang'amba dzanja. Nthawi yaitali inapita asanaipezenso mbendera ija, ndipo kuwala kunali kutachepa.

Anaima pambali pa mpira, akupuma mwawefuwefu, nayamba kulingalira. A Magnus masiku amenewo ankaiwala dzina la mlongo wawo, ankaiwala ngati adya. Mwina dzina lawo lomwe silinkawafikanso. Koma lamulo la mpira umodzi sanaliiwale. Amenya iwo, tsopano akudikira. Ndipo sadzatulukira kufikira mnzawo atamenya.

A Lachlan anasolola ndodo, nakankha mpira. Unalowa m'bowo, gobede.

Bowo lachisanu ndi chitatu linali loyamba a Magnus. A Lachlan anayenda mpaka poyambira, naika mpira pa kachikhomo, nabwerera m'mbuyo mapazi khumi monga achitira munthu wopatsa mnzake malo. Anadikira, maso ali pa kanthu koyera kaja kamene kankaoneka mwa apo ndi apo.

Chifunga chinasuntha. Pamene panalibe kanthu, panaima munthu.

Anali wotuwa ngati chifunga chomwecho. Nkhope sinaoneke. Anali wamtali, wamtali kwambiri, pamene a Magnus anali munthu wamfupi, wojintcha. Anawerama pang'ono, osafulumira, monga wodziwa ntchito yake.

Kha!

A Lachlan anathamangira pomwepo. Panalibe munthu. Kachikhomo kanali chiimire. Anagwada, nayatsa machesi. Pa udzu wonyowawo panali mapazi a munthu mmodzi yekha, ndipo anali awo. Anatembenukira chikwama, nawerenga ndodo zawo. Zinali zisanu ndi ziwiri, monga anachokera nazo kunyumba.

Tsitsi linawaima. Miyendo inati tibwerere, msewu uli pafupi, kudoko kuli anthu ndi nyali. Ndipo anadziwa, monga munthu wophunzitsidwa mawu a Mulungu kuyambira ubwana, kuti si mzimu uliwonse woyenera kuutsata. Anavula chipewa, nalankhula mokweza.

"Ngati uli wa mdima, choka, m'dzina la Ambuye wanga. Koma ngati watumidwa, ndiwe ukudziwa chimene ndikufuna. Nditsogolere kwa mlamu wanga."

Mafunde okha ankapuma chapatali. Koma mantha aja anatsika pang'ono, monga amatsikira madzi a padoko, ndipo a Lachlan anavala chipewa napita chitsogolo.

Bowo limenelo ndi lalifupi. Mpira anaupeza m'mphepete mwenimweni mwa bowo, wongofuna kuukhudza. Anaukhudza, nulowa.

Poyambira bowo lachisanu ndi chinayi ndi pamwamba pa chitunda, kumapeto kwa dziko lathu. Kupitirira apo kulibe nyumba. Anafika akupapasa njira ndi ndodo. Usiku wa mu Juni kwathu sudetsa bii, koma m'chifungamo munthu sankaona ngakhale nsonga ya ndodo yake. Inali nthawi yawo yomenya. Anaika mpira, nayatsanso machesi kuti aone wotchi ya m'thumba.

Mivi yonse iwiri inali itapitirira thwelofu. Sabata linali litalowa.

Abale anga, inu a masiku ano mukhoza kuseka, koma kwa a Lachlan Reay sichinali chinthu chaching'ono. Kuyambira ali mwana sanagwirepo ndodo tsiku la Ambuye, ngakhale kuipukuta. Anadzudzulapo anthu m'seshoni, msonkhano wa akulu a mpingo, pa mlandu womwewo. Anaima pamenepo, machesi akuwatentha chala, ndipo anaganiza zosiya ndodo n'kungoyenda akuitana. Koma anali atayesa kale kuitana. Wotsogolera uja sankayankha mawu. Ankayankha mpira.

Pamenepo anakumbukira zimene Ambuye anaphunzitsa za nkhosa yogwera m'dzenje tsiku la Sabata, ndi zimene mwini wake amachita.

"Atate," anatero, "ngati ndikulakwa, mlandu ukhale pa ine, osati pa iye."

Anamenya. Sanauone mpira, koma manja anawauza kuti wapita pakati.

Anatsika chitunda, nayenda pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Mapazi zana. Mapazi zana ndi makumi asanu.

Kha!

Koma ulendo uno mpira sunalunjike ku mbendera. Anaumva ukukhotera kumanzere, cha kunyanja, motsika, mwamphamvu. Kenaka phwa! mumchenga.

Kumeneko kuli dzenje la mchenga lozama kuposa msinkhu wa munthu, la makoma ochita chiphedi, limene timalitcha Chitsime. Aliyense wobadwira kuno amaphunzira kulilambalala asanaphunzire kuwerenga. Ndipo a Lachlan, mkulu wa mpingo, ali pakati pa zoopsa zotere, anaiwala kuti akusewera ndi yani.

"Aa! M'Chitsime? Malo onsewa, inu mwasankha m'Chitsime?"

Mawuwo asanathe, anamva chifuwa. Munthu anakhosomola pansi pa nthaka.

Anaponya chikwama, nakwawa ndi manja ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa dzenjelo. Anapeza makwerero a matabwa, natsika. Anayatsa machesi.

A Magnus anali chigonere pamchenga, chipewa chili kumutu, silipasi imodzi kuphazi. Mwendo wamanzere unali utapindika mosayenera. Pafupi ndi phewa lawo, utalowa theka mumchenga, panali mpira wa kadontho kabuluu.

"Ndani akuponya mipira muno?" anatero a Magnus, mawu ali pansipansi. "Mukanandiboola diso."

"Alamu!"

"Oo, ndinu? Mwachedwa. Ndinadzera kugombe kuti ndikudikireni kuno. Ndiye wina wasuntha Chitsime, wachiika panjira."

A Lachlan anawagwira manja. Anali ngati nsomba ya m'madzi oundana. Anayang'ana ponseponse machesi asanazime. Ndodo panalibe. Mchenga wonse unali wosalala, kupatula pamene munthuyo anagwera. A Magnus anali atagona pamenepo kuyambira chifunga chisanafike, ndipo sakanatha kuimirira, ngakhale kukwawa.

Kuwanyamula sikukanatheka. Kuwasiya n'kupita kukaitana anthu, m'chifunga chotere, mwina sakanalipezanso dzenjelo mpaka kutacha. A Lachlan anakwera kukatenga fulasiki m'chikwama, nabwerera msanga. Anavula jekete, nawafunditsa. Anavula masokosi awo, nawaveka. Anawamwetsa tiyi, amene anali atangotsala kufunda pang'ono. Kenaka anagona pambali pawo pamchenga, nawakumbatira kumsana.

"Mukutani, alamu? Ine si Ishbel."

"Khalani chete, mulandire kutentha."

Patapita nthawi a Magnus anasiya kunjenjemera, ndipo a Lachlan anachita mantha kuposa aja anachita ndi munthu wotuwa. Ankadziwa kuti wozizidwa akasiya kunjenjemera, tulo timabwera, ndipo akagona tulo timeneto sadzukanso.

"Ndigoneko pang'ono," anatero a Magnus.

"Musagone. Tiimbe salimo."

Anayamba kuimba, koma a Magnus anawatsata mzere umodzi wokha, natayika. Anawafunsa za bwato lawo lakale. Sanayankhe. Anawatchulira dzina la malemu akazi awo. Zii. Mutu unali kulemera pa mkono wa a Lachlan.

Tsono anayandikiza pakamwa kukhutu kwawo.

"Alamu, tili pa bowo loyamba. Mphepo ikuchokera kunyanja. Ndamenya. Mpira wagwera kumanja, kuseri kwa kachitunda ka minga."

Mutu uja unasuntha.

"Kumanja? Masiku onse kumanja! Zaka makumi atatu mukundiponya m'minga, munthu wosalapa inu."

"Ndiye mutani pamenepo?"

"Wakhala bwanji mpirawo?"

"Pa udzu wautali, koma ukuoneka."

"Ndipatseni yachitsulo yaifupi ija. Ndiuponya kumanzere kwa mbendera, chitunda chiubweza chokha. Basi, wapita. Uli mapazi anayi. Mukaphonya pamenepo ndikanena kwa abusa."

Chomwecho anasewera, nkhalamba ziwiri pansi pa dzenje, opanda ndodo, opanda kuona kanthu. Munthu amene sankadziwa tsiku kapena chaka ankadziwa kachitunda kalikonse, kakhwawa kalikonse, ndi kumene mpira umapendekera ukafika pa kapinga wa bowo lachinayi. Mawu akayamba kuzirala, a Lachlan ankamenya dala moipa, kuponya mpira m'ngalande kapena pamsewu, kuti a Magnus akwiye. Akakwiya ankadzuka.

Ali pa bowo lakhumi la masewera apakamwawo, a Lachlan anati, "Alamu, ndinakulakwirani."

"Ndikudziwa. Mwandiponyanso m'ngalande."

"Si zimenezo. Ndinakunenani pagulu kuti sindidzaseweranso nanu. Munali mukudwala, ine ndinasamala manyazi anga. Ndachimwira inu, ndachimwira Mulungu. Mundikhululukire."

"Linali liti?"

"Tsiku la chikho lija."

"Tinapambana?"

"Ayi."

"Ndiye kuti munaphonya ndinu. Palibe kanthu, munthu saleka mnzake chifukwa chophonya. Ndautulutsa m'ngalandemo. Menyani, ndi nthawi yanu."

A Lachlan analira mwakachetechete, misozi ikugwera pa khosi la mlamu wawo. Kenaka anamenya.

Koma mphamvu za munthu zili ndi malire. Pa bowo lakhumi ndi chisanu a Magnus anayamba kuyankha mochedwa. Pa lotsatira anangong'ung'udza. A Lachlan anawagwedeza, anawatikita manja, anaponya mpira m'nyanja mwenimweni, koma a Magnus sanakwiye.

Pafupi ndi mbendera ya bowo lachisanu ndi chinayi pali belu la sitima yakale, lopachikidwa pamtengo. Osewera akamaliza pamenepo amaliliza, kuti a m'mbuyo, amene saona chifukwa cha chitunda, adziwe kuti kutsogolo kulibe munthu ndipo akhoza kumenya. A Lachlan analiganizira belulo. Likanamveka patali. Koma linali mapazi mazana awiri kuchokera m'Chitsime, ndipo thupi lawo ndilo linali moto wokhawo umene a Magnus anali nawo. Akachoka, afa. Akakhala, afabe.

"Atate," anapemphera, "mwanditsogolera mpaka pano. Kodi munandibweretsa kuti ndidzangotseka maso ake?"

Ngee!

Belu linalira.

Ngee! Ngee!

Linalira mwadongosolo, osafulumira, monga liliza munthu wa mkono wamphamvu. Kunalibe mphepo yoti n'kugwedeza ngakhale udzu. A Lachlan anauma thupi lonse. Koma a Magnus anatsegula maso.

"Simukumva, alamu? A kutsogolo achokapo. Mukudikira chiyani? Menyani!"

"Ndamenya," anatero a Lachlan, mano akugundana. "Wagwera kumanja."

"Ndinadziwa!"

Belulo silinaleke. Linalira pamene ankamaliza bowo lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri. Linalira pamene kumwamba kwa dzenje kunayamba kutuwa. Linaleka pokhapokha pamene kuwala kwa tochi kunatulukira m'chifunga, ndipo mawu a mayi anamveka akufuula, "Achimwene! Bambo a Kirsty!"

"Kuno, mayi! M'Chitsime!"

Nkhope zinasuzumira pamwamba: mayi Ishbel, Dougal, abusa athu a Torquil Bain, ndi asodzi anayi. Mayi Ishbel anatsika makwerero ngati mtsikana, nagwada pamchenga, nagwira nkhope ya mlongo wawo ndi manja onse awiri.

"Ali moyo," anatero. "Ali moyo, abusa!"

"Ndili moyo, nanga bwanji?" anatero a Magnus. "Tatsala ndi bowo limodzi. Mayi awa ndani?"

Asodzi anazula chitseko cha pa mpanda, nawagonekapo. Pamene ankawakweza, Dougal anawagwira a Lachlan pamkono.

"Madala, muli ndi mkono inu! Belu lija linamveka mpaka kudoko. Tinali titataya mtima, ena atayamba kale kukoka mbedza pansi pa madzi."

"Sindinachoke muno, Dougal."

"Nanga analiza ndani?"

Dougal anapita yekha kukaona pa mtengo wa belu. Anabwerako osaseka, pakuti pa udzu wonyowawo sanapeze mapazi a munthu.

Dzuwa la Sabata linatuluka chifunga chikubalalika, ndipo anthu amene anachezera kudoko anaona ndi maso awo mkulu wa mpingo akutuluka pa bwalo la gofu, wopanda jekete, wopanda masokosi, chikwama cha ndodo chili paphewa.

Lachitatu seshoni inakumana. Ine ndinalipo, wamng'ono mwa akulu onse. A Lachlan sanadikire kuitanidwa. Anaimirira okha, nafotokoza zonse monga ndakufotokozerani, osabisa kanthu. Atatha, mkulu wina anati lamulo ndi lamulo, ndipo ana akamva kuti mkulu wa mpingo anasewera pa Sabata, mawa bwalo lidzadzaza. Abusa anamvetsera moleza mtima, kenaka anavula magalasi.

"A Reay, Sabata litalowa, munamenya kangati?"

"Kamodzi, abusa."

"Munamenya chifukwa chofuna kusangalala?"

"Sindinasangalale, abusa."

"Ndipo munapeza chiyani kumene mpira unapita?"

"Mlamu wanga, m'dzenje."

Abusa anayang'ana akulu onse, mmodzi mmodzi.

"Alipo pano amene akanamusiya momwemo mpaka Lolemba?"

Palibe anakweza mutu.

"Mlembi, tsekani buku. Tiyeni tiyamike Mulungu."

Za womenya mpira uja, tauni inanong'ona chilimwe chonse. Asodzi ankati anali wosamalira bwalo wina wakale, munthu wamtali amene anamira agogo athu ali ana. Amayi a kumsika ankati anali bambo awo a Magnus, amene anaphunzitsa mwana wawo kumenya motsika chotero. Ena ankati kuzizira kunawasokoneza mutu a Lachlan, koma amenewo ankakhala chete akafunsidwa za belu, pakuti analimva okha.

A Magnus anakhala zaka zina zitatu, akuyenda ndi ndodo. Tsiku lina ndinakawaona, ndipo ndinawapeza mutu utayera pang'ono. Ndinawafunsa ngati anaona munthu usiku umenewo.

"Ndinamuona," anatero. "Anaima pamwamba pa dzenje, nandiuza kuti ndisagone, akukatenga mnzanga."

"Munamudziwa?"

"Si wa kuno. Koma ndodo amaigwira bwino. Alamu anga akanaphunzirako."

Ine sindinena kuti anali yani, pakuti sindinauzidwe. Ndingodziwa kuti pali atumiki amene saonetsa nkhope, ndipo Wowatuma amadziwa chilankhulo chimene munthu aliyense angamve, ngakhale wouma mtima, ngakhale woiwala dzina lake.

Tsono inu amene mwamva, Ambuye akusungeni pa njira zanu. Chifunga chikakukutani, akutumizireni wotsogolera. Mukagwa pamene anthu saona, akutumizireni wokufunditsani. Ndipo ngati pali mawu ouma amene munanena kwa mbale wanu, akupatseni nthawi ndi mtima wowabweza, nonse mukadali ndi mpweya. Mtendere ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Amen.